Bwalo la Madzi la ku Valencia

Mu mzinda wa Valencia, ku gombe la kum'mawa kwa dziko la Spain, muli bwalo la milandu limene liribe nyumba. Tsiku la Lacinai liri lonse, belu la pa nsanja ya chalichi cacikulu likagunda 12 koloko masana, akulu asanu ndi atatu obvala malaya akuda a alimi amadza nakhala pa mipando yoikidwa mozungulira pa khomo lina la chalichico, lochedwa Khomo la Atumwi. Patsogolo pao paimirira kapaso wa bwalo, atagwira ndodo ya ngowe ya mkuwa, yonga imene alimi amazulira nayo matabwa otseka madzi. Kapasoyo amafuula maina a ngalande zisanu ndi zitatu, imodzi-imodzi: Quart, Benàger ndi Faitanar (ziwirizi ziwerengedwa ngati imodzi), Tormos, Mislata, Mestalla, Favara, Rascanya ndi Rovella. Ngati pali munthu wa ngalande yoitanidwayo amene ali ndi mlandu, amalowa naimirira pamaso pa akuluwo. Ngati palibe, kapaso amapitirira ku dzina lotsatira. Palibe loya, palibe mulu wa mapepala, ndipo mlandu ukagamulidwa palibe bwalo lina kumene munthu angakacite apilo.

Oweruzawa sanaphunzire malamulo ku sukulu yaikulu, ndipo si Boma linawaika. Ali alimi, osankhidwa ndi alimi anzao, ndipo mlandu umene amaweruza ndi wa mtundu umodzi wokha, wa madzi. Mbiri ya bwalo limeneli iyenera kumveka, pakuti iyankha funso limene libvuta midzi ya m'maiko onse: kodi cinthu cimene ciri ca onse cingasungike bwanji osasanduka ca Boma kapena ca munthu mmodzi wolemera?

Cigwa ca Valencia ciri ndi nthaka yabwino, koma mvula yace ndi ya njala. Pa caka pamagwa mamilimita ngati 450, osafika theka la imene imagwa ku Chipata, ndipo yambiri imagwa mwaukali pa masiku owerengeka a September ndi October. M'miyezi yotentha ya June, July ndi August, pamene mbeu zifuna madzi koposa, kumwamba kumakhala kuli mbee. Cimene cipatsa moyo cigwaco ndi mtsinje wa Turia, wocokera ku mapiri a m'kati mwa dziko. Si mtsinje waukulu. Munthu wozolowera Luangwa angauyese kamtsinje. Koma madzi ace, popatutsidwa m'ngalande, asandutsa cigwa conse dimba limodzi lalikulu, ndipo eni ace amacichula Horta, ndiko kuti dimba m'cinenero cao. M'menemo amalima anyezi, mbatata za kacewere, ndiwo zamasamba ndi malalanje, ndipo ku madambo a kum'mwera amalima mpunga. Kale analimanso tirigu ndi mitengo ya mabulosi yodyetsa mbozi za silika. Munda umodzi umapatsa zokolola kawiri kapena katatu pa caka. Koma munda womwewo ukaphonya madzi milungu itatu m'July, mwini wace walima pacabe.

Za ciyambi ca ngalandezi, anthu ophunzira akali kutsutsana. Aroma anamanga mzindawo m'caka ca 138 Yesu asanabadwe, ndipo iwonso anadziwa kukumba ngalande. Koma ambiri abvomerezana kuti dimba lalikululo linayalidwa ndi Asilamu, Aarabu ndi a mtundu wa Berber, amene anaoloka nyanja kucokera ku Africa m'caka ca 711 nalamulira Valencia zaka ngati mazana asanu. Umboni wina uli m'mau. Liu la Cisipanishi lakuti acequia, ngalande, ndi lakuti azud, mpanda wa miyala wochinga mtsinje kuti madzi akwere nalowe m'ngalande, onse awiri acokera ku Ciarabu. Anthu a ku Valencia amati bwalo lao linakhazikitsidwa m'caka ca 960, m'masiku a mafumu acisilamu a ku Córdoba, ndipo m'1960 anacita cikondwerero ca zaka 1,000. Kunena zoona, palibe kalata ya nthawi imeneyo yocitira umboni caka cimeneco. Ndi mbiri ya pakamwa, yonga imene nkhalamba zisimba za ciyambi ca ufumu. Amatinso bwalo likhala pa khomo cifukwa pamalopo panali mzikiti waukulu, ndipo utasanduka chalichi alimi acisilamu sanaloledwe kulowa m'kati, motero milandu inatulutsidwa panja.

Cimene cidziwika bwino ndi ici. Pa 9 October 1238 mfumu yacikristu Jaume Woyamba wa ku Aragon inalowa mu mzindawo itaugonjetsa. Minda ya pafupi ndi mzinda inalandidwa kwa eni ace nipatsidwa kwa asilikali ndi alendo ocokera kumpoto, ku Catalonia ndi ku Aragon. Koma pa madzi mfumuyo inacita mwanzeru. M'caka cotsatira, 1239, inalemba kuti ngalande za m'cigwa zikhale za anthu othirira nazo, ndi kuti azithirira monga kunali kucitikira m'masiku a Asilamu. Inadzisungira ngalande imodzi yokha, yaikulu ya Moncada, ndipo nayonso inaipereka kwa alimi ace m'1268. Apa pali cinthu codabwitsa. Anthu amene anapanga mwambo anacotsedwa, cinenero ca m'minda cinasintha, cipembedzo cinasintha, koma mwambo wa madzi unatsala, ndipo olanda minda anauphunzira kwa omwe anawalanda. Ngalande imayenda monga mwa kutsetsereka kwa nthaka, ndipo mfumu singailamule kuti ikwere phiri. Amene afuna kumwako ayenera kutsata njira imene oikumba anaisiya.

Kagawidwe kace ndi kotere. Madzi a Turia, pofika m'cigwa, awerengedwa kuti ali magawo 138, ndipo gawo limodzi lichedwa fila. Moncada, imene iri ndi oweruza ace-ace, itenga 48. Quart, Mestalla, Favara, Rascanya ndi Rovella zitenga 14 iri yonse. Tormos ndi Mislata 10 iri yonse. Benàger ndi Faitanar zimamwa m'gawo la Quart. Tsono fila siiri muyeso monga debe kapena galoni. Iri ngati ciwalo ca nyama pogawa ng'ombe: ng'ombe ikakhala yonenepa mwendo ukula, ikakhala yoonda mwendo ucepa, koma wa mwendo alandirabe mwendo. Motero mtsinje ukacepa onse acepekedwa pamodzi, ndipo palibe anganene kuti iye analonjezedwa madebe akuti-akuti. Pamene ngalande igawanika pawiri, akale anaikapo mwala wosongoka pakati pa madzi, wochedwa lilime, umene ung'amba madziwo monga mwa gawo la mbali iyi ndi la mbali iyo. Mwalawo sugona tulo, sulandira ciphuphu, ndipo munthu ali yense wopita pa njira angathe kuona ngati wina wausuntha.

Lamulo lina lalikulu ndi lakuti madzi ndi nthaka sizilekana. Wogula munda wagula ndi madzi ace omwe, ndipo palibe munthu angagulitse madzi nasunga munda, kapena kugula madzi alibe munda. Kum'mwera, ku Alicante, zinthu zinayenda mwina: kumeneko madzi ena analekanitsidwa ndi nthaka nagulitsidwa pa msika kwa wopereka ndalama zambiri, kotero kuti panabuka anthu okhala ndi madzi koma osagwira khasu, olemera ndi ludzu la anzao. Ku Valencia khomo limeneli linatsekedwa.

Ngalande iri yonse iri ndi msonkhano wa eni minda onse amene amamwako. Makalata akale asimba kuti pa 29 May 1435 alimi 84 a ngalande za Benàger ndi Faitanar anasonkhana m'nyumba ya ansembe a Francisco Woyera mu mzindamo kuti alembe malamulo ao: ndani ayenera kulandira madzi, adzagawana bwanji m'caka cabwino ndi m'caka coipa, ndani adzakonza ngalande, ndipo wolakwa adzalipa ciani. Zambiri za izo sizinali zatsopano. Analemba zimene makolo ao anali kucita kale. Msonkhano wotere usankha mkulu wa ngalande, wochedwa síndic, kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo lamulo liti iyeyo akhale munthu wa mbiri yabwino, mwini munda pa ngalandeyo, wolima yekha ndi manja ace. Mwini minda wokhala m'tauni, wongolandira lendi, sangakhale síndic ngakhale alemere cotani. Akulu a pa khomo la chalichi aja ndiwo ma-síndic a ngalande zisanu ndi zitatuzo. Pansi pao pali alonda oyendera ngalande, olipidwa ndi msonkho umene mlimi ali yense apereka monga mwa kukula kwa munda wace. Ndipo caka ndi caka madzi amatsekedwa masiku ena kuti acotse matope ndi udzu.

Koma mtima wa nkhani yonse uli pa kulandirana madzi. Mtsinje ukadzaza palibe bvuto; yense atsegula pamene afuna. Madzi akayamba kucepa, amayenda mwa ndandanda, kuyambira ku munda wa kumtunda kufikira wa kumunsi. Mlimi akafikiridwa amatsegula nathirira mpaka munda wace wakhuta, osaononga, kenaka atseka, madzi napita kwa mnzace. Palibe koloko. Cifukwa cace wa kumunsi sadziwa ora leni-leni limene madzi adzamfika. Angadze masana, angadze pakati pa usiku, ndipo akampeza ali m'tulo amampitirira, iye nadikira ulendo wina. Tsono acita ciani? Amapita msanga nakakhala m'malire, khasu liri m'manja, nyali iri pambali, maso ali pa mnzace amene alikuthirira. Woyambayo alakalaka kuonjezako pang'ono, waciwiriyo alakalaka kuyamba nthawi isanakwane, ndipo kukhalapo kwa yense kuletsa mnzace. Motero ulonda waukulu wa ngalande ucitidwa ndi anthu awiri oyandikana minda, yense posamala zace, ndipo alonda olipidwa aja angothandiza. Amene anakonza mwambo umenewu sanayembekeze kuti anthu adzasanduka angelo. Anadziwa kuti munthu ndi wadyera, nakonza kuti dyera la wina likhale mpanda wa dyera la mnzace.

Cilala cikakula, malamulo amalimba. Ma-síndic amatenga mphamvu zambiri. Madzi apatsidwa poyamba ku mbeu zimene ziri pafupi kufa, ndipo mlonda ndiye anena utali wa nthawi yothirira. Ngalande za tsidya lino ndi za tsidya lija zimalandirana mtsinje wonse, masiku awa uku, masiku awa uko. Ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1300 midzi inai ya kumtunda kwa mtsinje, Pedralba, Vilamarxant, Benaguasil ndi Riba-roja, inapatsidwa lamulo lakuti pa cilala itseke ngalande zace masiku ena kuti madzi atsikire ku cigwa. Sikuti inali kutseka mokondwa. Makalata a m'zaka zimenezo adzala ndi madandaulo, ndi nkhani za amuna opita kukagumula mipanda ya anzao ya pa mtsinje.

Milandu yofika pa khomo la chalichi ndi ya masiku onse: kuba madzi pa nthawi ya mnzako, kuthirira mosasamala mpaka madzi asefukira m'munda wa mnansi naononga mbeu, kuthyola citseko, kutaya zonyansa m'ngalande, kuleka kucotsa matope pa cigawo cako. Mlonda kapena mlimi wolakwiridwa anena mlandu, woimbidwa mlandu adziyankhira yekha m'cinenero ca ku Valencia, akulu afunsa mafunso, ndipo pakafunika amapita kukaona pamalopo. Pogamula, síndic wa ngalande ya woimbidwayo sanenapo kanthu, kuti angakondere mnansi wace kapena kumbwezera cakukhosi. Ndipo mlandu wa munthu wa tsidya lina utsogozedwa ndi mkulu wa tsidya linzace. Akulu amanong'onezana pomwepo, pamaso pa anthu, nanena ngati munthuyo wapezeka wolakwa kapena iai. Malipiro awerengedwa pambuyo pace monga mwa malamulo a ngalande yaceyo. Síndic yemwe akalakwa amaweruzidwa ndi anzace ngati wina ali yense.

Kodi anthu anali kumvera? Yankho lipezeka m'mabuku a malipiro a ku Castellón, tauni ya kumpoto kwa Valencia yokhala ndi mwambo wofanana. Mabukuwo anasungika, ndipo anawerengedwa ndi Thomas Glick, mphunzitsi wa mbiri wa ku America, amene anasindikiza buku lace m'1970. M'caka ca 1443 munalembedwa malipiro 441, m'1486 munalembedwa 499. Poyamba ciwerengeroco cioneka cacikulu. Koma poyerekeza ndi maulendo zikwi zambiri amene alimi anatsegula zitseko m'caka cimodzi, kunapezeka kuti kuba madzi kolembedwa sikunafike kamodzi pa maulendo 100. Ndipo malipirowo anali ang'ono ndithu, timakobiri towerengeka. Sanafune kusaukitsa wolakwa kapena kumpitikitsa. Munthu amene mbeu zace zirikufota adzaba madzi tsiku lina, ngakhale ali wolungama. Cofunika ndi cakuti agwidwe msanga, acite manyazi pamaso pa anzace, alipe pang'ono, abwerere ku munda. Mlimi akaona kuti akuba amagwidwa, iye saba. Akaona kuti sagwidwa, amayesa kuti wopusa ndi iye yekha, nayamba kuba nayenso.

Asayese wowerenga kuti bwalo la anansi liribe cilema. Anthu odziwana amaweruza msanga cifukwa adziwa munda uli wonse ndi mbiri ya banja liri lonse, koma kudziwana komweko kumapweteka mlendo. Vicente Blasco Ibáñez, mlembi wobadwira ku Valencia, anaonetsa ici m'buku lace la nthano lochedwa La barraca, la m'1898. M'menemo mlimi wobwera, wodedwa ndi mudzi wonse cifukwa analowa m'munda umene anthu anapangana kuti ukhale bwinja, anamiziridwa kuti waba madzi, ndipo bwalo limlipitsa osamva bwino mau ace. Ndi nthano cabe, koma wolembayo anawadziwa anthu amenewo. Ndiponso kwa zaka mazana ambiri mipandoyo inakhala ya amuna okha-okha, eni minda. Mkazi wolima ndi munthu wa ganyu analibe liu pamenepo.

Maboma anadza napita. M'1609 zidzukulu za Asilamu, zimene zinabatizidwa mokakamizidwa, zinapitikitsidwa m'dziko, ndipo ufumu wa Valencia unataya pafupi-fupi munthu mmodzi mwa atatu ali onse. M'1707 mfumu Felipe Wacisanu inafafaniza malamulo akale a Valencia cifukwa anthu ace anaima ndi mdani wace pa nkhondo, koma bwalo la madzi linapitirira kukhala. M'1813, pamene nyumba ya malamulo yosonkhana ku Cádiz inali kuthetsa mabwalo apadera, phungu wa ku Valencia, Francisco Javier Borrull, anaimirira kulichinjiriza. Ndipo cifukwa cace n'cosabvuta kuciona, pakuti mlandu wa madzi ukakhala miyezi itatu m'manja mwa makalaliki, anyezi afa kale. Lamulo la madzi la m'1879 linalibvomereza, malamulo aakulu a dziko a m'1978 anapatsa malo mabwalo a mwambo otere, ndipo m'2009 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa miyambo yofunika ya anthu a pa dziko lonse.

Pamene alimiwo anali kulandirana madzi monga mwa masiku onse, m'masukulu aakulu munamveka ciphunzitso cakuti zimene iwo acita n'zosatheka. M'1968 Garrett Hardin, mphunzitsi wa sayansi wa ku California, analemba nkhani imene inachuka kwambiri. Anayerekeza busa lotseguka kwa onse. Mbusa ali yense akaonjeza ng'ombe imodzi, phindu ndi lace yekha, koma kutha kwa msipu agawana ndi onse. Motero yense aonjeza, mpaka busa lisanduka fumbi. Njira yopulumukira, monga mwa iye, inali kugawa busalo kuti likhale la anthu paokha-paokha, kapena kuliika pansi pa lamulo la Boma. Maganizo otere analimbikitsa maboma ambiri kutenga nkhalango ndi malo ophera nsomba m'manja mwa midzi m'dzina la kuzisunga.

Komatu Hardin anasokoneza zinthu ziwiri, cinthu copanda mwini ndi cinthu ca eni ambiri. Mwana wokulira m'mudzi wa Acewa kapena wa Ansenga adziwa kusiyana kwace. Mitengo ya kumanda siiri ya munthu mmodzi, ndipo palibe mpanda, koma tayesani kulowamo ndi nkhwangwa! Dambo liri ndi eni, ndipo mlendo sangolimapo dimba osapempha kwa mfumu. Amene anatsutsa Hardin ndi umboni wokwanira ndiye Elinor Ostrom wa ku yunivesite ya Indiana. M'buku lace la m'1990 anasonkhanitsa mbiri za mabusa a m'mapiri a Switzerland, nkhalango za midzi ya ku Japan, ngalande za ku Philippines, ndi za ku Valencia zomwezi, nafunsa cimene cifanana mwa zonse zimene zinakhalitsa. Anapeza kuti eni ndi malire adziwika bwino. Malamulo apangidwa ndi omwe adzawamvera. Olonda ali eni omwewo kapena anthu oyankha kwa iwo. Cilango ciyamba pang'ono nicikula kwa wobwereza. Pali bwalo lapafupi ndi lochipa. Ndipo Boma lalikulu lilemekeza zonsezi. M'2009 analandira mphotho ya Nobel ya maphunziro a za cuma, mkazi woyamba kuilandira.

Maphunziro amenewa anapeza nchito pa cinthu cimene alimi akale sanacilote. M'dziko lomwelo la Spain, makilomita ngati 70 kumpoto kwa Barcelona, m'dera la Osona, kuli mudzi wa alimi oweta nkhumba ndi ng'ombe wochedwa Gurb. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 makampani a lamya sanafune kufikitsa intaneti yabwino ku nyumba zomwazikana za kumeneko, pakuti waya ndi wautali ndipo olipira ndi ocepa. M'2004 Ramon Roca, katswiri wa makompyuta wa m'mudzimo, pamodzi ndi anzace, anayamba kuika timilongoti ta wailesi pa madenga, kulozetsa kena ku kanzace, kuti mau adumphe nyumba ndi nyumba kufikira kumene kunali intaneti. Anauchula ukondewo guifi.net, kuphatikiza dzina la mudzi ndi liu lakuti wifi. Lamulo lace linali lapafupi. Munthu agula yekha kamlongoti kace, ndipo kakhala kace ndithu. Koma pakulumikiza abvomera kuti mau a anzace adzapyola pa denga lace, osawaletsa ndi osawasankha, monga iyenso apyola pa madenga a ena, ndipo wina akafuna kulumikiza kwa iye sangamkanize. Wolowa watsopano ali yense amatalikitsa ukondewo. Unakula kucoka mudzi ndi mudzi, nufika ndi ku Castellón komwe kuja kwa mabuku a malipiro, ndipo pofika 2016 malo olumikizidwa anapitirira 30,000.

Poyamba zonse zinayenda ndi cangu ca anthu odzipereka, okwera pa madenga pa masiku ao opumula. Koma cangu cimatha. Panabuka anthu a malonda amene anayamba kugulitsa intaneti kupyolera mu ukonde womwewo, ena mwa iwo osabwezamo zokwanira. Zida zinakalamba, ndipo amene anali kuzikonza anayamba kufunsa cifukwa cimene iwo okha asenzera katundu. Ndi bvuto lomwe lija la wa kumtunda ndi wa kumunsi. M'2008 anakhazikitsa bungwe losunga malamulo a ukondewo. M'2009 anayamba kuyala nthambo za galasi zoyendamo kuwala, zimene zifuna ndalama zambiri. Ndipo pambuyo pace anakonza kuti amalonda a dera limodzi azisonkhana nthawi ndi nthawi, yense naonetsa ndalama zimene waika pomanga ndi pokonza, ndi kuculuka kwa mau amene makasitomala ace apititsa. Wogwiritsa zambiri koposa zimene anaikamo alipira, woikamo zambiri abwezeredwa. Anaikanso njira yoweruzira mikangano, ndi cilango cokwera pang'ono-pang'ono. Atsogoleri ace analemba poyera kuti pa zimenezi anatsata mfundo za Ostrom. Motero nzeru ya alimi 84 aja a m'1435 inayenda ulendo wautali, kucoka ku Valencia kupita m'mabuku a ku America, nibwerera ku Spain kudzalamulira nthambo za kuwala. Pali kusiyana kumodzi. Madzi amene mnzako wamwa sungawamwenso, pamene ukonde umakoma olowamo akaculuka. Cimene cimacepa mu ukonde ndi anthu ndi ndalama zoukonzera.

Kwao kweni-kweni kwa bwaloli zinthu sizirinso monga kale. Pa 14 October 1957 Turia anasefukira mu mzinda napha anthu osacepera 81, ndipo Boma linakumbira mtsinjewo njira yatsopano kum'mwera kwa mzinda, imene inatha kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 itadula minda yambiri ndi ngalande zina pakati. Mzinda wadya dimba. Pamene panali anyezi pali nyumba zosanja, miseu ndi mafakitale. Madamu a kumtunda acepetsa cilala, ndi milandu yomwe. Masiku ambiri a Lacinai kapaso aitana maina onse asanu ndi atatu popanda woyankha, bwalo nilitha m'mphindi zocepa, alendo ojambula zithunzi ali ambiri koposa alimi. Ena amati latsala cionetsero cabe. Ena ayankha kuti milandu yambiri imathera m'mbali mwa ngalande, pamaso pa síndic, cifukwa palibe mlimi afuna kuimirira pa khomo la chalichi mzinda wonse ulikuona.

Pa 29 October 2024 madzi anakumbutsa anthu kuti saiwala khwawa. Ku Turís, kumtunda, kunagwa mamilimita oposa 700 pa tsiku limodzi, mvula yoposa ya caka cathunthu. Njira yatsopano ya Turia inasunga mzinda, koma khwawa la Poyo, limene miyezi yambiri likhala louma, linatsika ndi cigumula pa matauni a kum'mwera omangidwa pa minda yakale: Paiporta, Picanya, Catarroja, Massanassa, Alfafar. Cenjezo la Boma la cigawoco linafika pa lamya za anthu nthawi itapitirira 8 koloko usiku, madzi atalowa kale m'nyumba zambiri. Anafa anthu oposa 220. Bwalo la madzi linalibe mphamvu pa tsoka lotere. Ulamuliro wace ulekeza pa citseko ca ngalande, ndipo si ilo linagamula za kumanga nyumba m'njira ya madzi.

Masiku otsatira, thandizo la Boma lirikucedwa, anthu anauzana pa lamya zao kumene kufunika madzi akumwa, mankhwala ndi manja. Pa 1 November, tsiku la chuthi, zikwi za anthu, ambiri a iwo acinyamata, zinaoloka milatho ya pa njira yatsopano ija pansi, popeza miseu inatsekeka ndi magalimoto ounjikana, zitanyamula matsace, mafosholo ndi zidebe. Palibe anawalemba nchito. Anasesa matope m'nyumba za anthu osawadziwa, nabwerera madzulo ali matope okha-okha. Patapita milungu khamulo linacepa, monga licitira khamu liri lonse, pakuti sukulu ndi nchito zinaitana eni ace. Ngalande za kum'mwera, monga ya Favara imene ipyola ku Alfafar, Massanassa ndi Catarroja, zinatsala zokwiririka ndi matope, bango ndi zinyalala, ndipo nchito yoona kuti zifukulidwe inatsalira misonkhano ya alimi ndi ma-síndic ao, mothandizidwa ndi makina a Boma, kuti madzi ayendenso miyezi yotentha isanafike.